Akuvina Chifuwa cha Abambo

"Zimitsa. Ndati zimitsa chinthucho, usandiyang'ane ngati sunandimve."

Mzime anatsitsa mahedifoni n'kuwasiya m'khosi. Amayi ake anali ataima pakhomo la chipinda, chikwama cha kumsika chikadali m'manja, nsapato osavula n'komwe.

"Amayi, sizikumveka kunja. Ndikumvera m'makutu mwanga ndekha."

"Kunjako ndiye kwadzaza. Ndakwera basi, ikulira. Ndatsika, pasitolo ya mafoni ikulira. Wometa uja watulutsa sipika panja, ana akudumphadumpha ngati aponda waya wa magetsi. Ine ndangoima pakati pa msewu ngati chitsiru, ndikumva mwamuna wanga akupuma."

Zinthu zonse Mzime anaziganizira popanga nyimbo ija, koma khutu la amayi ake analiiwala.

"Ndi besi chabe, amayi. Phokoso la pakompyuta."

"Ine usandipusitse. Zaka makumi atatu ndikugona pambali pa chifuwa chimenecho. Ndimadziwa pamene chimakoka, pamene chimakakamira, ndi kamluzu kaja kamabwera kumapeto. Kaya uchikokere pansi, kaya uchiveke zovala zanji, ndichizindikira basi. Watenga chifuwa cha bambo ako, wapatsa anthu kuti azivina."

Kunena zoona, amayiwo sananame. Nyimbo zimene Mzime ankapanga amazitcha dabusitepu, ngakhale amayi ake ankati ndi phokoso la kugalaja. Zilibe mawu ambiri. Mwini wake wa nyimbozo ndi besi, liwu lija lolemera limene sulimva ndi khutu koma ndi mimba. Nyimbo imakwera pang'onopang'ono, imakwera, anthu mitima ili m'mwamba, kenako imaima zii kanthawi kongokwana kupuma kamodzi, ndiye imagwa ndi mphamvu zake zonse. Kugwa kumeneko ndi kumene achinyamata amadzera.

Lamlungu lina masana, nyumba ili phee, Mzime ankasakasaka liwu latsopano ndi kamaikolofoni kake. Anajambula mpopi ukudontha, anajambula firiji ikung'ung'udza, zonsezo sizinam'gwire mtima. Potulukira pabalaza anapeza abambo ake atagona pasofa, kukamwa kuli yasa, dzuwa likulowa pakatani n'kumaonetsa tifumbi tikuyandama pamwamba pawo. Anaima n'kumvetsera. M'chifuwa muja munali ngati muli anthu awiri, wina akukoka thumba lolemera pamchenga, wina akuimba mluzu chapatali. Mantha anam'gwira, koma chala chinali chitadina kale batani. Atabwerera kuchipinda analichedwetsa liwulo, kulitsitsa, kulipinda, mpaka linasanduka chinthu chachikulu chozungulira mwaulesi, chokoma moti iye mwini analira. Sanadziwe ngati akulirira kukomako kapena abambo ake. Tsopano panali patatha milungu itatu, nyimboyo inali paliponse, ndipo anthu amene sanamuonepo nkhope ankam'tcha Chivomezi.

Geti linalira. Anali abambo, akuchokera kuntchito kwawo kumene amacheka ndi kupukuta miyala ya ziliza ndi ya matebulo a kukhitchini. Loweruka ankaweruka masana. Tsitsi, nsidze, ngakhale m'makutu momwe, zonse zinali mbuu, kukhala ngati akalamba tsiku limodzi.

"Muno mwagwanji? Mawu akumveka mpaka kumsewu."

"M'funseni dijeyi wanuyo," anatero amayi, n'kuika chikwama pansi.

Mzime anafotokoza maso ali pansi. Abambo anapukuta manja pa ovololo.

"Tabweretsa ndimve."

Anavala mahedifoni n'kutseka maso. Mutu unayamba kugwedera pang'ono. Nyimbo itagwa anatsegula maso n'kuseka, koma kusekako kunakathera m'chifuwa, ndipo anatembenukira kukhoma mpaka chitawasiya.

"Ameneyu si ine," anatero atapeza mpweya. "Ichi ndi chinyama cha pansi pa madzi. Komatu chikukoma, mwana iwe."

"Chikukoma? Bambo ake a Mzime, bwana wanu akachimva n'kuzindikira, tidzadya kukomako?"

"Bwana angadziwe bwanji kupuma kwanga? Chiyambire sanaimepo pafupi nane."

"Ababa," anatero Mzime motsitsa mawu, "tiyeni kuchipatala akakuunikeni."

"Ndi kachimfine chabe."

"Kachimfine ka zaka zitatu?"

Abambo anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo mosamala, ngati dzira.

"Tamvera, Mzime. Chipatala chimalemba, ndipo pepala silichedwa kuyenda. Likafika patebulo la bwana, ine kwanga kwatha. A Chipewa ukuwakumbuka? Anakhosomola kamodzi kokha bwana akudutsa. Lachisanu lake anawapatsa kalata kuti akapume kaye. Patangotha miyezi inayi tinakawaika, chiliza chawo ndinacheka ndine."

"Ndiye mukufuna chotsatira chikhale chanu?"

"Iwe, ukulankhula ndi bambo ako," anatero amayi.

"Musiye. A Chipewa ankasuta, n'chifukwa chake. Anzanga enawo ali gwa onse. Ndine ndekha wa chifuwa chofooka, ndinabadwa nacho. Pa msinkhu wangawu ndani angandilembe ntchito kwina? Nkhani iyi ithere muno."

Inathera momwemo, koma nyimboyo sinamve nawo lamulolo. Mlungu wotsatira inalowa pawailesi. Mzime akamayenda mumsewu ankangokhala ngati akulota: kupuma kwa abambo ake kukutuluka m'mawindo a mabasi, m'malo otsukira magalimoto, m'foni ya mtsikana wogulitsa zipatso, tauni yonse ikukoka mpweya ndi chifuwa chimodzi n'kuubweza ndi kamluzu. Nthawi zina ankaima pansi pa mtengo n'kutseka maso, n'kumaona mabwalo aakulu a kumaiko amene sanafikeko, anthu zikwizikwi manja ali m'mwamba, pansi pakunjenjemera. Ankakondwa, tisabise. Mwana amene anaphunzira ntchito pa kompyuta yothyoka chivundikiro angalekerenji kukondwa? Koma chimwemwecho chinali ndi kamwala m'kati.

Muulutsi wa pawailesi anam'funsa kuti, "Chivomezi, tiuzeni chinsinsi. Besi imeneyi munaitenga kuti?"

"Ndi firiji yakale ya kunyumba," anayankha Mzime, ndipo muulutsiyo anaseka mpaka kugunda tebulo.

Tsiku lomwelo anaimbiridwa foni ndi mayi wina wokonza maulendo a oimba, amene aliyense ankangom'tcha Wamagalasi. Anati akufuna kumuona akuimba pamaso pa anthu, ndipo akakhutira am'tenga pa ulendo wa mizinda isanu. Mzime anagona chagada pansi m'chipinda chake n'kumayang'ana denga ola lathunthu, akumwetulira yekha.

Lachitatu abambo anaiwala kabokosi kawo ka chakudya, amayi n'kum'tuma Mzime kuti akawapatsire. Anali asanalowepo m'kati mwa malo aja. Chinali chishedi chachitali cha malata, ndipo dzuwa linkalowa m'mabowo a denga n'kuima m'fumbi ngati mizati yoyera. Pakati pa mizatiyo pankayenda amuna oyera mitu, mwakachetechete, wina kunyamula mwala, wina kukoka chingwe. Kunali kokongola mochititsa mantha. Pamwamba pa makina aakulu ochekera panali kapaipi koyenera kumathira madzi kuti fumbi lisauluke, koma kanali kopindidwa n'kumangidwa ndi waya. Madzi amachedwetsa ntchito, ndipo matope ake amafuna wina wokolopa.

Mzime anaima pakhomo osaitana. Ntchito ya dijeyi ndi kuyang'ana mapewa a anthu. Nkhope imanama, koma mapewa amakuuza amene nyimbo yam'lowa ndi amene watopa. Ndiye maso ake anangopita okha kumapewa. Makina atazima, m'shedimo munali bata, amuna onse milomo ili yotseka, ena misozi ili lengelenge. Makina atayambanso kulira, abambo ake anatembenukira kukhoma, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Anali akukhosomola, phokoso likuwabisa. Mzime anasuzumira kwina. Bambo wamtali wa patebulo lopukutira naye anali atayang'ana khoma lake, mapewa akudumpha. Wina anali kuseri kwa mulu wa miyala. Wina anawerama ngati akutola chinthu. Anawerenga anthu asanu ndi anayi, aliyense atafulatira mnzake, aliyense akubisa yekha chinthu chimene onse anali nacho. Makina atazima onse anawongoka n'kupitiriza ntchito.

"Kodi si Chivomezi ameneyu?"

Anali bwana, atatsegula chitseko chagalasi cha ofesi yake, kamphepo kozizira kakutuluka kumbuyo kwake. Anali munthu wansangala, wa mano abwino.

"Ana anga atiboola makutu ndi nyimbo yako. Ndinadabwa atandiuza kuti ndiwe mwana wa mkulu uyu. Tamva, Loweruka la mlungu wamawa masana tikutsegulira nyumba yathu yatsopano yoonetsera katundu. Kubwera ogula akuluakulu, atolankhani, ngakhale a ku ofesi yoona za apantchito. Ubwere udzatigwedeze. Bambo akowa ndi munthu wanga wodalirika, zaka zonsezi sanadwalepo ngakhale tsiku limodzi."

Abambo anali atafika pambali, akumwetulira, chipewa chili m'manja.

"Abwera, bwana. Abwera ndithu."

Pomuperekeza kugeti, Mzime anawagwira malaya.

"Ababa, si inu nokha. Ndawaona. Makina akamalira, onse amakhosomola."

"Waona chiyani iwe? Fumbi lakulowa m'maso."

"Ndawerenga, ababa. Asanu ndi anayi."

"Ndagwira nawo ntchito zaka zonsezi, sindinamvepo ngakhale mmodzi. Iwe wabwera mphindi zisanu. Pita kunyumba, ndipo nkhani imeneyo usakaiyambe kwa amayi ako."

Anakaiyamba. Anawapeza amayi kuseri akuchapa ovololo ina, madzi a m'beseni atayera ngati mkaka. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'madzi.

"Ukuganiza kuti ine sindiona?" anatero. "Tikamapita kutchalitchi amaima kawiri panjira, ati akumanga zingwe za nsapato. Nsapato zawo za Lamlungu zilibe zingwe, Mzime. Ine ndimaima n'kumayang'ana kumwamba, ngati ndikuona mbalame, kuti asachite manyazi."

"Ndiye bwanji osawakakamiza?"

"Ndiwakakamize chiyani? Akasiya ntchito ija, adzakhala pakhonde n'kumaona anzawo akudutsa m'mawa. Bambo ako sakhalitsa pakhonde, ndimawadziwa. Akapitiriza, fumbi liwamaliza. Uku moto, uku moto. Ine ndasowa pogwira, mwana wanga, ndangotsala ndi kuchapa."

"Mumandikalipira chifukwa cha nyimbo."

"Ndinakukalipira chifukwa unandimvetsa pamsewu chinthu chimene ndimadzinamiza kuti sindikuchimva m'nyumba." Anafinya ovololo ija mwamphamvu. "Loweruka ukaimbe bwino. Bambo ako akuuza aliyense kuti mwana wawo aimbira bwana. Usakawachititse manyazi."

Mzime anauza Wamagalasi za Lowerukalo, ndipo iye anati afika.

Tsikulo linafika kuli dzuwa lofewa. Nyumba yatsopano ija inali yagalasi kutsogolo konse, pansi pali miyala yonyezimira moti munthu ankayenda pamwamba pa chithunzi chake. Matebulo a kukhitchini anandandalikidwa ndi maluwa pamwamba. Fumbi kunalibe ngakhale pang'ono. Mzime anaika zida zake pakansanja, masipika awiri aakulu uku ndi uku. Alendo anakhala kutsogolo ndi matambula m'manja. Wamagalasi anakhala pakona, miyendo atapingasa. Kumbuyo kwenikweni, motsamira khoma, anaimika antchito, atavala maovololo atsopano opindika mizere, m'khosi muli zotchingira mphuno zoyera zimene anapatsidwa m'mawa womwewo, zoti akabweze mwambo ukatha.

Zolankhula zinatenga ola ndi theka. Analankhula bwana, analankhula wogula wamkulu, analankhula bambo wa ku ofesi ya apantchito, amene anayamikira ukhondo. Nthawi yonseyo, kupatula olankhulawo, m'nyumbamo munali chete, ndipo Mzime ankayang'ana kumbuyo. Amuna aja anali atauma ngati mitengo. Bambo wamtali uja anali ataluma mlomo, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Abambo a Mzime maso anali atafiira, akumeza, akumezanso. Ola ndi theka popanda makina owabisa.

"Tsopano," anatero bwana, "mwana wathu wa pakhomo pano, Chivomezi."

Anayamba mofatsa, ndi timawu tolira ngati madontho. Kenako analowetsa besi. Magalasi a mawindo anayamba kunjenjemera, madzi a m'matambula kuchita timizere, ndipo chifuwa cha abambo ake chinadzaza nyumba yonse, chikuzungulira pamwamba pa miyala imene iwo anacheka. Ana a bwana anathamangira kutsogolo. Azimayi ovala bwino anayamba kugwedeza mitu, wogula wamkulu akugunda phazi. Wamagalasi anatsitsa mwendo n'kuweramira kutsogolo. Kwa kanthawi Mzime anaiwala zonse. Anali m'madzi ofunda, akuyandama, manja akudziyendera okha pamabatani, ndipo mizinda isanu ija inali pafupi moti akanatha kuikhudza.

Ndiye anakweza maso n'kuona mapewa.

Phokoso linali litawamasula. Kumbuyo kuja, mzere wonse wa maovololo atsopano unali kugwedezeka. Wina anayang'ana kukhoma, wina anawerama, wina anabisa nkhope m'chipewa. Munthu wosadziwa akanati akuvina. Abambo ake anali atagwira bondo ndi dzanja limodzi, lina lili pachifuwa.

Nyimbo inali ikukwera. Mzime ankaidziwa ngati njira ya kwawo: kwatsala kugunda kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi, kenako kabata kaja ka kupuma kamodzi, kenako adine batani, igwe. Amuna ajanso ankaidziwa, poti inkalira pawailesi ya kushedi tsiku lililonse. Ankadziwa kuti batalo ndi lalifupi, silingawaulule. Mzime anadziwa zimene zichitike akachedwetsa chala. Anaona kalata ya Lachisanu, anaona khonde, anamva mawu a amayi ake akuti usakawachititse manyazi. Anaonanso bambo wamtali uja akucheka chiliza china, akufunsa kuti dzina alembe bwanji. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anachita mantha kuposa tsiku lina lililonse.

Nyimbo inafika pamwamba n'kuima.

Chala chake chinali pabatani. Sanadine.

Kupuma kumodzi kunadutsa. Kwachiwiri. Alendo anali manja m'mwamba, akumwetulira, akudikira. Ndipo m'bata limenelo munamveka kukhosomola. Osati kwa munthu mmodzi. Chifuwa chikayamba sichimva kuti nyimbo yaima. Kunali kouma, kong'amba, kwina kokhala ndi mluzu, kwina kolira ngati chitini chopanda kanthu, kukugunda m'magalasi ndi m'miyala yonyezimira ija n'kubwerera. Amuna aja anayesa kudzigwira, koma chinthu chimene wachitsekera ola ndi theka sichibwerera m'khola. Manja a alendo anatsika limodzilimodzi. Mitu inatembenuka.

Abambo anawongoka pang'ono, misozi ili m'masaya, n'kuyang'ana kumanzere. Bambo wamtali uja naye ankawayang'ana. Anayang'ana kumanja. Anayang'anizana onse, mzere wonse, ngati anthu amene akumana koyamba.

"Pitiriza," anatero bwana, mano aja akadali panja. "Magetsi avuta kapena? Pitiriza, mwana iwe."

Mzime anachotsa dzanja pabatani n'kuliika kumbuyo. Mtolankhani wina anali atakweza kale foni yake. Bambo wa ku ofesi ya apantchito anaika tambula pansi n'kuyamba kusisita matumba kufuna cholembera. Nyimboyo sinagwe tsiku limenelo.

Makalata sanadikire n'komwe Lachisanu. Lolemba m'mawa amuna asanu ndi anayi anauzidwa pageti kuti akapume kaye. Abambo anabwerera kunyumba dzuwa lisanakwere, kabokosi ka chakudya kali kosatsegula. Anakaika patebulo, anatulutsa mpando pakhonde n'kukhala.

Ndipo onani mmene dziko lilili. Kanema wa mtolankhani uja anayenda m'mafoni ngati moto wa m'chilimwe. Anthu ankati sanaonepo dijeyi wolimba mtima chotero, ena ankati batalo ndi luso lapamwamba. Wamagalasi anaimba foni n'kunena kuti mizinda si isanunso, koma isanu ndi itatu. Dzina la Chivomezi linakwera kuposa kale, pamene mwini chifuwa anali pakhonde akuyang'ana msewu. Mzime akawapatsa moni ankangogwedeza mutu. Akawabweretsera tiyi ankalandira osamuyang'ana. Amayi sanam'kalipire, sanamuyamikenso. Ankangoyenda m'nyumbamo mwakachetechete, ndipo tsiku lina Mzime anawapeza ataima ndi beseni lopanda kanthu, asakudziwa choti achape.

Lachinayi masana kunabwera bambo wamtali uja. Anakhala pakhonde ndi abambo nthawi yaitali osalankhula zambiri, onse awiri akukhosomola momasuka, wina akamaliza wina n'kuyamba. Mzime ankamvera pawindo.

"Inu, zaka zonsezi osandiuza?" anatero abambo.

"Nanga inu munandiuza? Ine ndimayesa ndine ndekha wofooka. Ndimakusirirani kuti mkulu uyu ndi chitsulo."

Anaseka, kusekako n'kuwatsamwitsa onse.

"Mawa tikupita kuchipatala, tonse asanu ndi anayi," anatero mlendoyo ponyamuka. "Chobisa chatsala chiyani? Mapepalawo tikawatenge, tikawaonetse kumene angawawerenge."

Anapita, ndipo Mzime anawatsatira popanda womuitana. Anakhala pabenchi tsiku lonse mpaka dzina la abambo linaitanidwa. Dokotala anali mayi wachikulire wolankhula mosazungulira. Anaika chithunzi cha chifuwa pagalasi lowala. Mapapo a abambo anali ndi timadontho toyera tambirimbiri, tina titagwirana m'magulu.

"Ili ndi fumbi la miyala," anatero dokotala. "Limene lalowa silituluka, ndisakunamizeni. Befu muzikhala naye. Koma mwasiya pa nthawi yake, bambo. Mukanapitiriza chaka china chimodzi, bwenzi tikukamba nkhani ina."

"Sindinasiye," anatero abambo. "Anandisiyitsa."

Sananene kuti ndani. Anavala malaya n'kutuluka, Mzime n'kutsalira pang'ono kuti amve za mankhwala ndi masiku obweranso. Anawapeza pamalo odikirira basi, atakhala pabenchi, envelopu yaikulu ya chithunzi ili pamiyendo. Anakhala kumapeto kwa benchilo. Magalimoto ankadutsa, mthunzi wa mtengo ukusuntha pang'onopang'ono pamapazi awo.

"Unandichotsa ntchito pamaso pa anthu," anatero abambo, akuyang'ana msewu. Anali mawu awo oyamba kwa iye chichokere Loweruka.

"Inde, ababa."

"Iwe wakwera, ine ndatsika."

Misozi ya Mzime inangotsika yokha.

"Ukanandifunsa kaye."

"Mukanakana."

"Ndikanakana, inde." Anapuma kanthawi, kamluzu kakumveka. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikudzuka m'mawa ndikudziwa kopita. Lolemba lija ndinabwerera ndi chakudya changa m'manja ngati mwana wothamangitsidwa kusukulu. Sindinakukhululukire, Mzime."

"Ndikudziwa, ababa."

Basi ina inadutsa yodzaza, osaima. Abambo anatembenuza envelopu ija, n'kuitembenuzanso.

"Unatsalira m'kati muja. Wakuuza kuti zatsala zaka zingati?"

"Akuti mukamamwa mankhwala n'kutalikirana ndi fumbi, zambiri. Akuti mwina mudzatopa nafe."

Abambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuyeza mwala ndi maso.

"Ndiye usandifulumizitse," anatero. "Nthawi yokukwiyira ndili nayo."

Basi yachiwiri inaima. Abambo analowa poyamba, anakhala chakuwindo, n'kuchotsa envelopu pampando wa pambali pawo kuti Mzime akhalepo.